Shawa Ikayamba Kulavulira Kukhoma: Viniga, Mandimu, Asidi Kapena Kungogula Ina?

Mutu wa shawa sutsekeka tsiku limodzi. Kamayamba ndi kabowo kamodzi kolavulira madzi kukhoma, kenaka tiwiri, kenaka mzere wonse wa m'mphepete umauma, mpaka munthu kumazungulirazungulira m'bafa kusaka pamene madzi akugwa. Kuno ku Harare vutoli lakula m'zaka zimene anthu ambiri asiya kudalira madzi a khonsolo okha, n'kuyamba kuboola mijigo pakhomo kapena kugula madzi obwera pagalimoto. Ambiri a ife amene makolo athu adachokera ku Malawi, ku Chipata kapena ku Tete timakumana nalo kawiri: kwathu ku Mufakose, Tafara kapena Dzivarasekwa, komanso kuntchito ku Borrowdale kapena Mount Pleasant, kumene shawa ya m'chipinda cha alendo ikafooka amaitana ife. Njira zilipo zambiri, koma sizilingana mtengo, sizilingana ngozi, ndipo zina n'zongotayitsa nthawi.

Musanasankhe njira iliyonse, masulani mutuwo muone chimene chatseka. Kulungani kansalu pamene mukugwira ndi sipanala kuti musakande chitsulo, ndipo dzanja linalo ligwire paipi yotuluka m'khoma kuti isapotoke nayo. Kumbuyo kwa mutu, polowera madzi, mitu yambiri ili ndi kasefa kakang'ono ndi kamphira kozungulira. Mukapezapo mchenga kapena matope, nkhani yanu si ya laimu, makoko oyera aja amene madzi amasiya. Mchenga ndi matopewo zimabwera ndi madzi a m'mipopi akabwerera atasowa masiku, kapena pampu ya mjigo ikamakoka pafupi ndi pansi m'chilimwe. Mchenga susungunuka ndi viniga ngakhale mutaunyika sabata yathunthu. Tsukani kasefako pampopi ndi mswachi wakale, basi. Zimene mwapezazo zikakhala zofiirira, ndi dzimbiri, lochokera ku chitsulo chimene chili m'madzi a pansi kapena ku mapaipi akale a galvanised amene akadali m'nyumba zambiri za ku Mbare ndi Highfield. Zoterera zakuda ndi ndere ndi tizilombo, zimafuna sopo ndi kutsuka. Koma zikakhala zoyera kapena zotuwa, zolimba, zokhakhala mukazipalasa ndi chikhadabo, ameneyo ndiye laimu.

Laimuyu sachokera kutali. Madzi a mvula akamalowa pansi amasungunula pang'onopang'ono kashiamu ndi magineziyamu wa m'miyala. Ali ozizira amaoneka oyera bwinobwino, koma akatenthedwa kapena akauma, kashiamu uja amabwerera kukhala mwala n'kumatirira pamene wapezeka. N'chifukwa chake madzi a m'damu, monga a Lake Chivero amene amatsukidwa ku Morton Jaffray, kawirikawiri sasiya laimu wambiri ngati a mjigo. Ngakhale mijigoyo siifanana. Miyala ya pansi pa Harare si ya mtundu umodzi, ndiye nyumba ziwiri za m'dera limodzi zikhoza kusiyana kwambiri. Akatswiri amati madzi ndi ofewa ngati laimu wake sapitirira mamiligalamu 60 pa lita, ndi olimba akapitirira 120, ndipo ndi olimba kwambiri akadutsa 180. Amene amagulitsa mankhwala a maiwe osambira amayeza zimenezi mukawatengera madzi m'kabotolo. Ngati mulibe nthawi yopita kumeneko, suzumirani m'ketulo. Ikakhala ndi makoko oyera pansi, yankho mwalipeza.

Pali zinthu ziwiri za kuno zimene zimakulitsa vutoli. Choyamba ndi giza ya sola. Chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, madenga ambiri tsopano ali ndi giza za machubu agalasi, ndipo m'mwezi wa October, dzuwa likafika poswa mtengo, madzi a mmenemo amatentha kuyandikira kuwira. Laimu amayamba kugwa mwachangu madzi akadutsa madigiri 60, ndiye giza yotereyi imapanga makoko ambiri amene amasweka n'kutsika ndi madzi kukatsamira pa timabowo ta shawa. Chachiwiri ndi mphamvu ya madzi. Thanki ikakwezedwa mamita 10 imapereka mphamvu ya bar imodzi, koma mathanki ambiri a pakhomo amakhala pa nsanja ya mamita 4 kapena 5, kutanthauza theka la bar kapena kucheperapo. Madzi ofooka chonchi sangakankhe kachidutswa kalikonse, kotero kabowo kakangochepa pang'ono, kafa. Walira mvula walira matope: mjigo ndi sola zatipulumutsa ku zidebe, koma zabwera ndi zakezake.

Njira yosalira ndalama ndi chala chanu. Mitu yambiri ya masiku ano ili ndi timabowo ta mphira totumphuka. Tsegulani madzi, tikitani timphirato ndi chala chachikulu, laimu amathetheka n'kutuluka. Mukamachita zimenezi sabata iliyonse posamba, mwina njira zinazi simudzazifuna kawirikawiri. Singano ndi pini ndimazikana. Zimatseguladi, koma pa mutu wa pulasitiki zimakulitsa mabowo mosiyanasiyana, pa mphira zimang'amba, ndipo zimene mwakankhira mkati zimabwereranso mawa lake. Ngati mukufunadi chotokosera, kamtengo kotokosera m'mano n'kokwanira, ndipo muchite mutanyika kale mutuwo.

Viniga ndiye amene aliyense amayamba kutchula, ndipo sanama. Gulani woyera, wotchipa uja wa m'mabotolo apulasitiki, osati wofiirira amene amasiya mtundu ndi fungo. Ameneyu amakhala ndi asidi pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse, ndipo lita imodzi ikhoza kusungunula laimu wolemera pafupifupi magalamu 40, wochuluka kuposa amene angakhale m'mutu umodzi wa shawa. Ndiye vuto la viniga si kuchepa mphamvu koma kuchedwa. Ikani mutuwo m'kabeseni, mabowo ataloza m'mwamba kuti mpweya uzituluka, thirani viniga wosakaniza ndi madzi ofunda theka ndi theka mpaka umire. Muona tithovu tikukwera. Umenewo ndi mpweya wotuluka pamene laimu akusungunuka. Tithovu tikasiya koma zoyera zikadalipo, viniga watha mphamvu, sinthani. Kwa mutu wa chrome kapena pulasitiki wamba, ola limodzi mpaka atatu n'lokwanira, kenaka mswachi, kenaka kutsukuluza kwambiri.

Anthu amakonda njira yomanga jumbo ya viniga kumutu wa shawa osaumasula. Imathandiza ngati mutuwo wakana kumasuka, kapena ngati paipi yake n'njakale moti mukuopa kuithyolera m'khoma. Koma dziwani kuti imatsuka kunja kokha. Mkati mumakhala mpweya umene umaletsa viniga kulowa, ndipo kasefa kakumbuyo kaja, kamene nthawi zambiri ndiko kadzaza makoko a m'giza, sikakhudzidwa n'komwe. Komanso jumbo ikadontha usiku, viniga amagwera pansi. Pa matailosi wamba palibe kanthu, koma pa marble, terrazzo kapena simenti yopolisha amasiya chipsera chimene sichichoka, chifukwa zonsezi zili ndi laimu yemweyo amene mukulimbana naye.

Nkhani yonyika usiku wonse ndiyofunika kuisamala, makamaka inu amene mumagwira ntchito m'nyumba za eni. Mitu yakuda yosawala, yagolide, ya brass ndi ya nickel ili ndi utoto wopyapyala umene asidi amaudya. Imeneyi isapitirire mphindi 30, ndipo viniga wake akhale wosungunula. Ndi bwino kubwereza katatu mwachidule kusiyana ndi kunyika kamodzi kwa nthawi yaitali. Ngakhale chrome, ngati yayamba kale kusupuka kapena ili ndi timing'alu, asidi amalowa kunsi kwake n'kuimaliza. Mutu wa abwana ukachita mawanga, palibe amene adzakumbukire kuti madzi ayamba kutuluka bwino. Funsani kaye, ndipo yesani pa kamalo kobisika.

Ine pa zonse ndimasankha citric acid, ufa woyera wonga shuga umene umagulitsidwa m'timapaketi pa shelefu ya zophikira makeke, ndipo kwa ogulitsa mankhwala otsukira umapezeka wa pakilo. Masupuni aakulu awiri pa lita imodzi ya madzi ofunda ndi okwanira. Amagwira msanga kuposa viniga, alibe fungo lotsamwitsa m'bafa lopanda zenera, sawonongeka mukamusunga pouma, ndipo chimene chimamupambanitsa kuno n'chakuti amachotsanso dzimbiri bwino kuposa viniga. Madzi a mijigo yambiri amabweretsa zonse ziwiri, laimu ndi chitsulo, ndiye makoko ake amakhala achikasu kapena ofiirira. Pamenepo viniga amachotsa zoyera n'kusiya mtundu, pamene ufawu umatenga zonse. Chenjezo lake ndi limodzi: madzi akhale ofunda, osati owira. Mukawiritsa, kashiamu amagwirana ndi asidiyu n'kupanga ufa wina woyera wovuta kusungunuka, ndiye mwachotsa chotseka china n'kuikapo china. Malire a nthawi pa mitu yautoto ndi omwe aja a viniga.

Mandimu ali ndi asidi yemweyo, pafupifupi magawo 5 pa 100 m'madzi ake, kotero amagwira ntchito. Ngati muli ndi mtengo pakhomo, kapena ndi nyengo yozizira pamene mandimu amachuluka ku Mbare Musika, palibe chifukwa chogulira china. Koma kuti mutu umire pamafunika mandimu ambiri, ndipo muyenera kusefa madzi ake pa kansalu, apo ayi nthanga ndi zamkati zikatseka mabowo omwewo. Kupaka ndimu lodula pakati pamwamba pa mutu kumawalitsa chitsulo, sikufika mkati.

Soda uja timathira m'therere musamusakanize ndi viniga. Thovu limene limatuluka limasangalatsa maso, koma tanthauzo lake n'lakuti ziwirizo zikuphana. Chotsala ndi madzi amchere amene sangasungunule kanthu. Soda payekha amathandiza pokwecha litsiro la sopo kunja, mutatha kutsukuluza asidi. Coca-Cola nayenso ali ndi asidi pang'ono, koma wochepa kwambiri poyerekeza ndi viniga, ndipo amasiya shuga womata. Imwani.

M'masitolo muli mankhwala opangidwira kuchotsa laimu, ena a ketulo, ena a m'bafa. Ambiri ndi asidi wofatsa yemweyo kapena wina wamphamvuko pang'ono, atamuthira sopo ndi fungo labwino. Amagwira msanga, ndipo a madzi olemera amamatirira pakhoma ndi pagalasi pamene viniga amangoyenderera. Pa mutu wa shawa umene mungaumasule n'kuunyika, sindiona chimene mukulipirira mtengo wowonjezerawo. Werengani chizindikiro chake: ngati palembedwa hydrochloric acid, monga zimakhalira ndi mankhwala ena a m'chimbudzi, asayandikire chrome.

Zimenezi zikutifikitsa pa asidi wa m'dziwe losambira. Harare ili ndi maiwe ambiri m'mayadi, ndipo achimwene ambiri ogwira ntchito m'dimba amakhala ndi chigubu cha asidiyu m'shedi. Mayesero ake ndi aakulu, chifukwa laimu amene viniga amalimbana naye maola awiri, uyu amamumaliza m'kamphindi. Koma asidiyu ndi wa magawo pafupifupi 30 pa 100. Amadetsa chrome, amadya brass ya mkati, amawononga timphira, utsi wake umapsereza m'mphuno ndi kuchititsa dzimbiri chitsulo chilichonse cha m'bafa, ndipo dontho limodzi m'diso likhoza kukusiyani akhungu. Choopsa koposa n'chakuti m'mabafa athu simusowa Jik. Asidi aliyense akakumana ndi Jik, kaya ndi wa dziwe, kaya viniga, kaya mandimu, pamatuluka mpweya wa chlorine, umene m'kachipinda kotseka ukhoza kugwetsa munthu. Ngati m'bafa mwatsukidwa kumene ndi Jik, tsukuluzani ndi madzi ambiri, tsegulani zenera, ntchito ya asidi mukaichitire panja. Asidi wa dziwe ndiye ayi ndithu, ngakhale wosungunula. Mutu wa shawa si chinthu choikirapo maso ako pachiswe.

Nthawi zina nzeru ndi kugula wina. Mutu wa pulasitiki wotchipa, womatidwa moti sutseguka, umene wakhala zaka osatsukidwa, ukhoza kukudyerani viniga wa mtengo wofanana ndi watsopano. Pafupifupi mitu yonse ili ndi mazinga a theka la inchi, ndiye wa ku hardware ya m'tauni kapena wa ku Siyaso ku Mbare ulowa pa paipi yanu. Ingokumbukirani thread tape, muzunguze kanayi kapena kasanu motsata mmene mutu umamangira. Posankha, musakopeke ndi mitu ikuluikulu yotambalala ngati madzi anu amangotsika okha kuchokera m'thanki popanda pampu. Imeneyo ili ndi mabowo ambiri ang'onoang'ono amene amafuna mphamvu, ndipo madzi amatsalira mkati mwake n'kumauma, laimu n'kumaunjikana. Wabwino ndi waung'ono, wa mabowo a mphira okulirapo, umene nkhope yake imamasuka. Mitu ina imabwera ndi kapulasitiki kochepetsa madzi polowera. Pa mphamvu ya theka la bar kameneko kamangopha shawa, ndipo n'kamene kamayamba kutsekeka. Amene angathe agule iwiri: wina ali pakhoma, wina akunyikidwa.

Zonsezi ndi zochiza. Zoteteza ndi zimene zimadya ndalama, ndipo apa ndi pamene anthu amapusitsidwa kwambiri. Timasefa tomangirira pa shawa penipeni, tokhala ndi makala kapena timikanda mkati, timachepetsa fungo la chlorine ndi kugwira zinyalala, koma kashiamu wosungunuka amadutsa osaima. Sefa ya katiriji ya mainchesi 10 yoikidwa pa paipi yochokera ku thanki nayonso sichotsa laimu, komabe imeneyi ndimailimbikitsa, chifukwa imagwira mchenga ndi dzimbiri, zimene zimatsekanso shawa za kuno. Maginito omanga pa paipi amagulitsidwa ndi malonjezo ambiri, koma umboni woti amathandiza ndi wosakhutiritsa. Ndalama zanga sindingaikepo.

Pali timipira tonga galasi totchedwa Siliphos timene mapulambala amaika m'kabotolo pa paipi yolowa m'giza. Sitichotsa kashiamu m'madzi, timangomulepheretsa kumatirira. N'totchipa poyerekeza ndi makina, sitifuna magetsi, koma timasungunuka ndiye pamafunika kuwonjezera, ndipo mphamvu yake imachepa madzi akatentha kwambiri, monga zimachitikira m'giza ya sola m'chilimwe. Kwa nyumba ya madzi olimba pang'ono, n'tokwanira.

Chimene chimachotsadi kuuma kwa madzi ndi makina ofewetsa madzi ogwiritsa ntchito mchere. Mkati mwake muli timikanda timene timagwira kashiamu ndi magineziyamu n'kutulutsa sodium m'malo mwake, ndipo pakapita masiku makinawo amadzitsuka ndi madzi amchere. Ntchito amaigwira, sopo amachita thovu, magalasi sachita mawanga. Koma amafuna pampu yopereka mphamvu, amafuna magetsi oyendetsa wotchi yake, amafuna matumba a mchere chaka chonse, amataya madzi podzitsuka, ndipo madzi otayidwawo sayenera kupita m'dimba la ndiwo. Madzi akakhala ndi chitsulo chambiri, timikanda tija timawonongeka msanga pokhapokha chitsulocho chitachotsedwa kaye. Kugula makina otere chifukwa cha mutu wa shawa wokha n'kupanda nzeru. Amayenera mwini nyumba amene wayezetsa madzi n'kupeza kuti laimu wake wadutsa mamiligalamu 180 pa lita, amene akusintha element ya giza pafupipafupi, ndipo ali ndi makina ochapira oti awateteze.

Njira imene anthu amaiiwala ndi madzi a padenga. Madzi a mvula alibe laimu. Harare imalandira mvula pafupifupi mamilimita 800 pachaka, yambiri kuyambira November mpaka March, ndipo milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 100 likhoza kugwira malita oyandikira 80,000, kuchotsapo otayika. Amene ali kale ndi thanki akhoza kulumikiza ngalande za denga, kutaya madzi a mvula yoyamba amene amatsuka fumbi ndi zitosi, n'kupumitsa giza ndi shawa kwa miyezi ingapo. M'chilimwe mubwereranso ku mjigo, koma laimu wa chaka chonse achepa.

Ena amalangiza kutsitsa kutentha kwa giza ya magetsi kuti laimu achepe. N'zoona kuti giza yoikidwa pa madigiri 70 imapanga laimu wambiri kuposa ya pa 60, ndiye ngati yanu ili pamwamba, itsitseni. Koma musatsike pansi pa madigiri 60. M'madzi ofunda a madigiri 20 mpaka 45 mumaswana tizilombo ta Legionella, timene timayambitsa chibayo choopsa munthu akapuma nthunzi ya shawa, ndipo makoko a laimu ndiwo malo amene timabisalamo. Pa chifukwa chomwechi, shawa imene yakhala masabata osatsegulidwa, monga ya m'chipinda cha alendo, muziyamba mwaitsegulira madzi otentha kwa mphindi zingapo zenera lili lotsegula, inu muli panja.

Kwa inu a lendi, amene mukukhala m'kanyumba ka kuseri kapena m'chipinda cha bafa logawana, za makina zisakudetseni nkhawa. Paketi ya citric acid, mswachi wakale ndi thread tape zikukwanirani, kamodzi pamwezi ngati madzi ndi a mjigo, mwa apo ndi apo ngati ndi a khonsolo. Koma mukatsuka mutu bwinobwino madzi otentha n'kumabwerabe ofooka pamene ozizira akuthamanga, siyani kuvutitsa mutuwo. Masulani, tsegulani mpopi wotentha wokha madzi atuluke pa paipi yopanda mutu, muwatchere m'chidebe. Akakhala ofooka pomwepo, kapena mukaona makoko oyera pansi pa chidebe, chotseka chili m'giza, m'mavavu ake kapena m'mikisa yosakaniza madzi otentha ndi ozizira, ndipo imeneyo ndi ntchito ya pulambala imene alandilodi ayenera kuidziwa giza isanafe.